Kakhoma kokhota ka a Elwood Pruitt

Nyumba ya a Elwood Pruitt ili pamtunda, kuseri kwa tchalitchi, ndipo ukaiona koyamba umayesa kuti amisiri anathawa asanamalize. Denga lake ndi lathyathyathya ngati thebulo. Mbali yoyang'ana kumtsinje ilibe khoma, ndi galasi lokhalokha kuyambira pansi mpaka kudenga. Inamangidwa mu 1937, ya dokotala wina wa mano, ndipo amene anajambula pulani yake ndi katswiri wotchedwa Haldor Brekke, munthu amene ankadana ndi chilichonse chokhota. Kuno ku Ohio, kumene chipale chofewa chimagwa n'kuunjikana miyezi inayi, aliyense amadziwa kuti denga limafunika kutsetsereka. Koma a Brekke anaphunzira kwambiri, moti zimenezi zinawadutsa.

A Elwood anali okonza mipope. Theka la zimbudzi za m'tauni muno zimawadziwa nkhope. Nyumbayo anaigula mu 1966, dokotala uja atamwalira, poti panalibe wina woifuna. Tsiku lolowa, akazi awo, a Verna, anayang'ana galasi lija n'kufunsa kuti, "Ndiye ine ndizivalira kuti, mu uvuni?" Koma sipanathe chaka asanayambe kuchikonda chipinda chogona, chimene chili kumapeto kwenikweni kwa nyumba, pafupi ndi bafa. Ankati ukadzuka m'mawa mtsinje umakhala ngati wagona nawe pabedi.

Kuti ufike kuchipindako umadutsa kanjira kopapatiza ka m'nyumba. M'nyengo yozizira ya 1969, paipi ya madzi otentha imene inakwiriridwa pansi pa kanjirako inaphulika. A Elwood, m'malo mokumba simenti, anangoyala paipi yatsopano pamwamba, m'mbali mwa khoma. A Verna anapunthwapo kawiri.

"Anthu ena mumawakonzera bwinobwino, kwanu kuno n'kumatitchera misampha," anatero. "Chibiseni chinjoka chanucho ndisanathyoke mwendo."

Loweruka lotsatira a Elwood anatola njerwa zotsala kuseri kwa galaja, n'kumanga kakhoma kofika m'chiuno, paipi ija ili m'kati. Chingwe choongolera analibe, ndipo anali atalawako kamowa pang'ono kuti afunde. Kakhoma kanatuluka kokhota ngati mimba ya munthu wokhuta. Koma simenti yokha ndiye anaithira mosaumira.

Zaka zinapita. Denga la a Brekke linkadontha chaka ndi chaka, mpaka pabalaza panali ndowa zisanu ndi ziwiri, iliyonse ndi kaliridwe kake. Mu 1998 kunabwera anthu a bungwe losunga nyumba zakale. Anati nyumbayi ndi imodzi mwa zoyambirira za mamangidwe amakono m'dera lonse lino. Anati denga alikonza okha, koma eni ake asayine kuti sadzasintha kanthu, kunja kapena m'kati, popanda chilolezo cha komiti, komanso kuti Loweruka loyamba la mwezi azitsegulira alendo. A Verna atamva zoti ndowa zichoka, anasayina osawerenga n'komwe.

Amene anabwera kudzalemba zonse za m'nyumbamo anali mayi Corinne Tasker, ndi kope komanso kamakina kojambulira mawu. Atafika pa kakhoma paja anaima chilili, dzanja pachifuwa.

"Nyumba yonseyi mizere yoongoka yokhayokha, kenako apa pokha pokhota! Bambo Pruitt, kodi mukudziwapo chilichonse za khomali?"

Tsono a Elwood munthu akawatchera khutu, lilime limawayabwa. Anakhosomola, n'kunena kuti mkazi wamasiye wa dokotala uja anawauza kuti njerwa zimenezi a Brekke anaziyala ndi manja awo, tsiku lomaliza, misozi ili m'maso. A Verna anali kukhitchini, atadzitseka pakamwa ndi kansalu kopukutira mbale. Nkhani ija inalowa m'kaundula, inalowanso m'kabuku ka alendo, ndipo pakhomo anakhomapo chikwangwani chamkuwa. Kwa zaka makumi awiri ndi kanthu a Elwood ankaifotokoza nkhaniyi kometetsa tsitsi, ife n'kumaseka mpaka kutsamwa.

Chaka chatha a Verna anagwa m'khitchini, mbali yakumanzere n'kufa ziwalo. Atatuluka m'chipatala anawapititsa kunyumba yosamalirako okalamba kuti ayambe apezako mphamvu. Kumeneko anati mayiwa angabwerere kwawo pokhapokha ngati chikuku chawo, mpando wamateyala uja, chingathe kufika kubafa ndi kuchipinda. Namwino anabwera kunyumba kwa a Elwood ndi tepi yoyezera. Pakhomo chikuku chinkalowa. Pabalaza chinkazungulira bwinobwino. Pamimba ya kakhoma paja, mpata unaperewera zala ziwiri.

A Elwood anavala jekete la kumaliro n'kupita kukaonana ndi mayi Tasker, amene tsopano ndi wapampando wa komiti, imvi mbuu.

"Mayi, ndabwera kudzaulula. Khoma lija ndinamanga ndine."

"Khalani pansi, bambo Pruitt. A Verna ali bwanji?"

"Akufuna kubwera kwawo. Ndikuti khoma lija si la Brekke. Ndi langa. Ndinamanga nditaledzera."

Mayi Tasker anawayang'ana mwachisoni, monga muja timayang'anira nkhalamba yovala nsapato mosemphanitsa. "Munthu ukapanikizika, mutu umakumbukira zambiri zimene sizinachitike. Mawu anu tili nawo, bambo. Munalankhula momveka bwino, muli ndi mphamvu zanu zonse."

"Linali bodza!"

"Ndiye tikhulupirire liti, la nthawi ija kapena la lero?"

"Funsani ometa tsitsi!"

"Amene uja tinamuika m'manda chaka chathachi?"

A Elwood anakanda m'mutu. Mapepala a a Brekke anatayika kalekale, banja la dokotala linabalalika. Kenako nkhope inawala. "Muli paipi m'katimo. Mapaipi a mtundu umenewo mu 1937 kunalibe. Tsegulani muone."

"Kuti tione paipiyo tiyenera kugumula khoma."

"Eya, gumulani!"

"Sitingagumule tisanatsimikize kuti si la a Brekke."

Anawapatsa mafomu. Komiti imakumana kamodzi pa miyezi itatu. Pamsonkhano woyamba anthu sanakwane. Pa wachiwiri anagwirizana zofuna katswiri woti adzaunike, ndipo katswiriyo mpaka lero akubwerabe.

Masana ena a Elwood anatsikira kugalaja n'kutenga hamala yaikulu imene ankaswera simenti ali mnyamata. Zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu si masewera: hamala ija anachita kuikoka pansi ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Anaikweza mpaka m'mawondo, n'kumenya. Khoma linangoti phi. Anamenyanso, dzanja n'kuchita dzanzi mpaka m'phewa. Kachitatu kanagwa kachibenthu konga chikhadabo, iwo n'kukhala pansi, msana atatsamira khoma lomwelo, wefuwefu. Anaimbira foni anzawo awiri omanga nyumba. Onse anakana, ati nyumba ya chikwangwani imeneyo munthu ukaikhudza umakathera kukhoti.

Mawa lake anapita kwa a Verna, dzanja lili m'bandeji. Anawapeza pawindo. Windo la kumeneko limayang'ana poimika magalimoto.

"Mwamenyana ndi ndani, nkhalamba inu?" Mawu a a Verna masiku ano amatuluka mbali imodzi ya kamwa, koma amalasabe.

"Ndi khoma."

"Wapambana ndani?"

A Elwood anatulutsa kachibenthu kaja m'thumba la malaya n'kukaika m'dzanja lamoyo la akazi awo. A Verna anakatembenuza, n'kuyamba kuseka, phewa limodzi likugwedezeka.

"Mpope wa m'khitchini wakhala ukudontha chilowereni m'nyumba muja. Chitseko cha galaja sichitsekeka. Chinthu chimodzi chokha chimene munapanga cholimba m'moyo mwanu, ndi chimenechi?"

"Munandituma ndinu."

"Ndinakutumani kubisa paipi. Bodza lija munadzituma nokha."

"Inunso munkaseka kukhitchini."

"Ndinkaseka," anavomera a Verna. Anayang'ana magalimoto panja. "Mtsinje uja unaundana, wayamba kusungunuka?"

"Wayamba. Abakha abwera dzana."

"Muzitsegulako makatani m'mawa. Chipinda chija chimanunkha chinyezi mukachitsekera."

A Elwood anafuna kunena kuti komiti ikumananso mwezi wamawa, koma anaona kuti akazi awo atseka maso ndi tulo, kachibenthu kali m'manja.

Panopa a Elwood amagona pampando wa pabalaza. Kuchipinda amangopitako m'mawa kukatsegula makatani, akudutsa chammbali pa kakhoma paja ngati anthu awiri osayankhulana. Pamene panabenthuka a bungwe anapajambula chithunzi, n'kupamata bwinobwino ndi dothi la mtundu womwewo.

Loweruka loyamba la mwezi uno alendo anabwera khumi ndi awiri, nsapato atazikuta ndi timatumba tabuluu kuti asadetse pansi. Wowatsogolera anawaimitsa pa kanjira paja n'kuwerenga m'kabuku za a Brekke, njerwa ndi misozi. A Elwood anali pampando wawo, bulangete m'miyendo.

"Ndinamanga ndine limenelo," anatero.

Alendo anaseka mokoma. Mayi wina anati agogowa ndi osangalatsa, n'kupempha kuti aime pafupi ndi khomalo awajambule. A Elwood anadzuka pang'onopang'ono, n'kukaima.