Matope pa Simenti ya Amayi

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga kufikira lero, nandisiyira mutu wokumbukira zokoma zimene anandichitira ndili mwana. Mpaka pano ndikamva fungo la chimanga chachiwisi chikupsa pamakala, litasakanikirana ndi fungo la zovala zonyowa zikuuma pathupi, mtima wanga umabwerera ku Dambe, m'dzinja limene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Ife sitinali a kumeneko. Kwathu ndi ku Kasungu, koma amayi anali namwino, ndipo anawatumiza ku chipatala cha ku Dambe bambo atangomwalira. Tinkakhala awiriwiri m'nyumba ya ogwira ntchito pachipatala, yamalata, pansi pake pali simenti yofiira imene amayi ankaipaka polishi Loweruka lililonse mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Anthu ankawatchula kuti adokotala, ndipo akakumana nawo panjira ankapatuka n'kuwomba m'manja. Ine ndinazolowera msanga. Ndinapeza mnzanga Esinati, amene anandiphunzitsa kukumba mbatatesi osaitema ndi khasu, ndi kusiyanitsa bowa wodya ndi wakupha. Koma amayi akaweruka ankangokhala pakhonde okha, kuyang'ana nkhungu ikutsika m'mapiri.

Mvula itakhazikika, mphepo ya masana ena inasasula denga la tchalitchi chathu. Malata anakagwera m'munda mwa anthu atapindikapindika ngati masamba a nthochi. Abusa ankakhala kutali, ndipo nthawi ya mvula msewu wa ku Dambe suyendeka mwachisawawa. Lamulungu lotsatira tinaima m'kati mwa zipupa zopanda denga, mvula ikutiwaza, ndipo a Kaliwo, mkulu wa mpingo, anatsegula Malembo atawafunditsa jekete. Anatiwerengera za okhulupirira oyamba a ku Yerusalemu, mmene ankasonkhanira m'nyumba zawo ndi kudyera pamodzi mokondwera, popanda woumirira chake. Atatseka anati, "Anzathu ajatu analibe malata. Nanga ife tikudandaula chiyani?"

Kuyambira pamenepo tinayamba kupemphera nyumba ndi nyumba. Tinkapanikizana pamphasa, ana pamiyendo ya akulu, nkhuku zikudutsa pakati pa pemphero, utsi ukutiliza misozi. Nyimbo zinkakoma kuposa kale chifukwa mawu analibe kothawira. Pakhomo la nyumba imene tasonkhana ankaikapo dengu lalikulu lovundikira ndi chitenje, ndipo aliyense polowa ankapisa dzanja pansi pa chitenjecho n'kusiyamo chimene wabweretsa. A Kaliwo analetsa kusuzumira. Ena ankapisa dzanja lopanda kanthu, koma palibe amene ankadziwa. Tikatha kupemphera ankavundukula, ndipo ana tinkakuwa ndi chimwemwe poona zotulukamo: chimanga, timaungu, mbatatesi zamatope, mazira awiri, mchere wokulunga m'pepala. Zina ankawotcha pomwepo, zina ankaphika, tonse n'kudya. Zotsala zinkapita kwa odwala amene sanathe kubwera. M'kati mwa sabata anthu omwewo ankakumananso ndi makasu m'minda ya okalamba, ndipo udzu chaka chimenecho sunapambane munda wa munthu wa mpingo wathu.

Pomaliza mapemphero a Kaliwo ankalengeza nyumba ya sabata yamawa. Ine ndinkatchera khutu kudikira dzina lathu. Anatchula nyumba zaudzu, nyumba zodontha, ngakhale ina imene theka la anthu linakhala panja pansi pa mtengo wa nachesi. Kenako anabwereranso kachiwiri kwa makolo a Esinati. Kwathu sanakutchule. Tsiku limenelo madzulo, amayi akuchapa yunifomu anandiuza kuti, "Tadala, mwezi ukatha ndikupita ku boma kukapempha kuti atisamutse. Kuno amandifuna pa jakisoni pokha." Ndinalira mpaka kudya kunandikanika. Sindinkafuna kusiya Esinati, sindinkafuna kusiya dengu lija, ndipo kunali kutatsala masabata awiri okha.

Lamulungu lotsatira tinali kwa a Nambewe, mayi wamasiye wanthabwala amene ankatsogolera nyimbo. A Kaliwo atangokonza kukhosi kuti alengeze, ndinapezeka ndaimirira. Mwana saimirira pakati pa akulu, ndinkadziwa, koma miyendo inanditsogolera.

"A Kaliwo, nanga kwathu mubwera liti? Kapena kwathu Mulungu safikako?"

Amayi anandikoka diresi mwamphamvu mpaka batani linaduka. Kenako a Nambewe anaphulika kuseka, natambasula miyendo yawo pamphasa.

"Mwana iwe, taona mapazi angawa! Ming'alu yokhayokha, matope mpaka m'maondo. Ndikaponde ndi amenewa pa simenti ya adokotala, yowala ngati galasi ija?"

"Tinkakupatsani ulemu, mayi," anatero a Kaliwo atayang'ana pansi. "Tinati anthu a boma tisawavutitse. Inu muli nazo zonse."

"Ulemu wanuwo ndiye wandidwalitsa," amayi anayankha. "Ine ndimati simundifuna."

A Kaliwo anatikumbutsa kuti ngakhale ku Yerusalemu kuja kunali amasiye ena amene ankaiwalika pogawa chakudya, ndipo atumwi atamva dandaulo sanakangane nalo koma anakonza. "Ifenso tikonze," anatero. "Sabata yamawa, kwa adokotala."

M'mawa wa tsikulo mvula inagwa yoti ikokolole mapiri. Anthu anafika ali matope okhaokha m'miyendo, ndipo anangounjikana pabwalo, uyu akupukuta phazi paudzu, uyo akupala chidendene ndi kamtengo. Dengu linali pakhonde, koma palibe amene analimba mtima kukwerapo. Amayi anawayang'ana, analowa kukhitchini, ndipo anatuluka ndi beseni la madzi ofunda, sopo ndi thaulo. Anagwada pakhonde, nagwira phazi la a Nambewe.

"Ayi adokotala, mundichimwitsa!"

"Khalani phee, a Nambewe. Mabala amene ndimatsuka kuntchito amaposa apa. Ndipo adokotala atsala kuchipatala. Muno ndine Nabanda."

Anatsuka mapazi a amayi anayi kapena asanu, madzi n'kusanduka phala lofiira. Amayi ena analanda thaulo kuti nawonso atsuke anzawo, ndipo m'chipwirikiti chimenecho ana tinangothamangira m'nyumba ndi matope athu, akulu n'kutitsatira. A Nambewe, amene mapazi awo anali oyera kuposa a wina aliyense, ndi amene anaterereka pa polishi n'kukhala pansi kuti phwa. "Ndinakuuzani ine kuti simentiyi sindigwirizana nayo!" anakuwa. Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko. Chimwalirireni bambo ndinali ndisanawamve akuseka chotero.

Tsiku limenelo anthu anakhala mpaka pansi pa tebulo. Tinaimba mazenera akuchita nthunzi, ndipo m'dengu munatuluka chimanga chambiri moti tinawotcha pambaula ziwiri. Anthu atabalalika, simenti yonse inali mapazi okhaokha, aakulu ndi aang'ono. Ndinatenga chikolopa, koma amayi anati tidzakolope mawa.

Mwezi utatha amayi anakweradi njinga yamoto kupita ku boma. Sanandiuze kanthu, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Tsiku lonse ndinakhala m'mbali mwa msewu ndi Esinati, tikutafuna misinde popanda kumva kutsekemera. Dzuwa litapendeka tinaona njinga ikukwera chitunda, kumbuyo kwake atamangako mphasa ziwiri zatsopano ndi ketulo yaikulu yonga ya pamaliro. "Anthu aja sangamakhale pansi pa tebulo," anatero amayi potsika. Ku Dambe tinakhalako zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti pakamwa panga ndi pamene panatipulumutsa, ndipo ndinkanyada nazo. Ndinkaganizanso kuti kugawana kwa okhulupirira oyamba kunali kupatsa chakudya munthu wosowa, basi. Tsopano ndine mayi wa ana anga, ndimapemphera m'tchalitchi cha mtauni chimene denga lake silinasasukepo, ndipo ndimaona anthu amene timawapatsa moni wa manja awiri chaka ndi chaka koma sitidziwa mtundu wa chitseko chawo. Ena timawalambalala chifukwa ndi osauka, ena chifukwa timayesa kuti sasowa kanthu. Amayi anali ndi malipiro, malata ndi shuga, koma ankafa ndi njala ya munthu wogogoda. Anthu a ku Dambe anali ndi mtima wabwino, komabe akanawataya chifukwa cha ulemu. Chimene ndimawakumbukira nacho n'chakuti atauzidwa, ngakhale ndi mwana, anatembenuka sabata yomweyo.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akudalitseni polowa ndi potuluka. Akupatseni abale ofika pakhomo panu osaopa, akupatseninso miyendo yofika kwa amene akhala akudikira, ndipo mtendere wake ukhale m'nyumba zanu. Ameni.