A Sikelo ndi tsiku lawo limodzi

Malo khumi ndi anayi, tsiku limodzi. Ndi mmene nkhani inaimira m'mawa umene a Sikelo anayala pepala pa benchi yawo yogwirira ntchito, n'kulitsendereza ndi mwala wa theka la kilo kuti mphepo ya pakhomo isaliulutse.

Dzina lawo lenileni pamsika panalibe amene ankalikumbukira. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anakhala akukonza masikelo m'kachipinda kopanikizika pakati pa butchala ndi sitolo ya mapaipi, mpaka dzina la ntchito linameza lobadwa nalo. Kachipindako kanali ka mamita awiri m'lifupi, atatu m'litali. Kukhoma kunali misomali yokolekapo mbale za masikelo ndi masipuling'i otha ntchito. Pashelefu anandandalikapo miyala yoyesera, kuyambira wa makilo khumi mpaka kakang'ono ka magalamu asanu. Fungo linali la girisi ndi palafini. Amalonda ambiri anali atasamukira ku masikelo a batire, aja akafa amangotayidwa, koma ogulitsa nyemba, misomali ndi nyama ankabwerabe ndi achitsulo awo, choncho a Sikelo sankagona ndi njala.

Ulendowu unachokera kwa mwana wawo wamkazi, namwino, amene anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito kunja. Iye ndiye anagula tikiti ya ndege, iye ndiye anakakamira za pasipoti mpaka bambo ake anakaima pamzere masiku awiri. Mayi ake anakana poyera. Anati mawondo awo ndi masitepe a ndege sizinapangane. Ndiye a Sikelo apita okha, sabata imodzi. Vuto linali lakuti kuchipatala anamupatsa mwanayo tsiku limodzi lokha lopuma, Loweruka. Masiku enawo azichoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. N'chifukwa chake anatumiza pa foni mndandanda wa malo okaona, mayi ake n'kuukopera papepala m'malemba akuluakulu. Pansi pake panali mawu akuti: “Bambo, sankhanipo atatu oyandikana.”

Wa butchala anasuzumira pakhomo akupukuta manja pa epuloni. Iyeyu anatulukapo kunja kamodzi, masiku atatu, zaka khumi zapitazo, ndipo pamsika ponse panalibe amene anali asanamve za ulendowo kasanu.

“Mukuwerenga chiyani ngati kalata ya kukhoti, akulu?”

“Malo okaona.”

Anatenga pepalalo ndi nsonga za zala. “Nsanja yaitali, iyi musaisiye. Mukapanda kujambulitsa pansanja, tidzati munakabisala kwa alamu anu sabata yonse. Nyumba yachifumu, eya. Mlatho wakale, eya. Kosungira nyama zakutchire kusiyeni, mungakalipire kuti muone nyani? Bwalo la mpira nalonso lisiyeni, inu mpira mumaudziwa kuti ndi wozungulira basi.”

“Ndamva, achimwene.”

“Mwamva, koma nkhope yanu sinamve.”

Zinali zoona. Malo amene a Sikelo ankawafuna papepalapo panalibe.

Mwa masikelo khumi aliwonse achitsulo amene ankafika pa benchi yawo, asanu ndi awiri anali a mtundu umodzi, obiriwira, olemera, okhala ndi kachikwangwani ka mkuwa pambali. Pa kachikwangwaniko panadindidwa dzina la fakitale ndi la tawuni imene anapangidwira. Dzina la tawuniyo analipukuta ndi kansalu kambirimbiri, mwina maulendo zikwi zitatu, osadziwa n'komwe katchulidwe kake. Tsiku limene mwana wawo anatchula dziko limene wapeza ntchito, iwo anadzidzimuka, chifukwa linali dziko lomwelo la pa kachikwangwani.

Ndipo anali ndi funso. Masikelo obiriwirawo anali abwino, koma onse anali ndi nthenda imodzi. Akatha zaka ngati khumi, kampeni kamene mtanda wa sikelo umatsamirapo kankadyeka mbali yakumanzere yokha, sikelo n'kuyamba kumubera wogula magalamu khumi pa kilo iliyonse. Magalamu khumi si kanthu, koma wogulitsa nyemba makilo makumi anayi patsiku amakhala atadya magalamu mazana anayi a anthu osadziwa. A Sikelo anapeza mankhwala ake okha: kachitsulo kopyapyala kodula ku sowo yakutha, kopala ndi tupa, kolowetsa kuseri kwa kampeniko. Sikelo yoikidwa kachitsuloko sinkabweranso. Chimene ankafuna n'chakuti aime pamaso pa amene anapanga masikelowo, awaonetse kachitsuloko, awafunse ngati ankadziwa.

Lamlungu masana, atabwerako kopemphera, anakhala pabalaza ndi akazi awo, foni ataitsamiritsa ku fulasiki ya tiyi. Nkhope ya namwino inaoneka, tsitsi atalikulunga m'kansalu.

“Bambo, mwasankha?”

A Sikelo anakhosomola, n'kuonetsa kachikwangwani ka mkuwa kamene anachotsa pa sikelo ina yakufa. “Kuno, mama. Ndinaona pa mapu a m'foni ya mayi akowa, ndi pafupi. Zala ziwiri zokha kuchokera pamene ukukhalapo.”

“Zala ziwiri?” Mwanayo anawerenga dzinalo, n'kuyamba kudina pa kompyuta yake. “Bambo, zala zanu ziwirizo ndi maola anayi pa sitima. Kupita kokha.” Anadinanso, kenako anatsitsa mawu. “Komanso fakitale yake inatsekedwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Pano akugulitsiramo mipando.”

A Sikelo anayang'ana kachikwangwaniko ngati kawanamiza. Zoti fakitale ingatsekedwe masikelo ake akugwirabe ntchito, m'mutu mwawo zinali zisanalowemo.

“Ndiye mukufuna tikaone mipando?” mwanayo anayesa kuseka, koma kusekako sikunafike m'maso. Anati mpunga ukupserera pamoto, foni n'kuduka.

Akazi awo sanachedwe. “Inu bambo inu. Mwana wakhala pansi, walemba malo khumi ndi anayi, inu mwamubweretsera lakhumi ndi chisanu. Masikelo mwawasiya pamsika, mukufuna mukawapezenso kunja? Mukanangonena, tikanakutumizani ku butchala, n'pafupi.”

A Sikelo anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la malaya.

Lolemba ndi Lachiwiri ntchito inayenda mwa apo ndi apo. Anamasula sikelo ya mayi wina wa misomali, n'kuiwala pamene anaika sikuluu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Anayesa kudziuza kuti nkhani yatha yokha, ndipo anachonga malo atatu: nsanja, mlatho, nyumba yachifumu. Ankangoyembekeza Lamlungu kuti auze mwana.

Lachitatu m'mawa akazi awo anafika pamsika ndi foni m'manja, zimene sankachita kawirikawiri. Uthenga unali waufupi. “Ndafufuza chifukwa ndikukudziwani. M'tawuni muja muli chipinda chimodzi chosungiramo masikelo akale. Amatsegula Loweruka lokha, 10 koloko mpaka 1 koloko. Woyang'anira ndi bambo wina wokalamba amene ankagwira ntchito pa fakitale paja. Tikapita kumeneko, kwina konse sitifikako. Sankhani.”

A Sikelo anatembenuza pepala lija, natenga pensulo ya kuseri kwa khutu. Sitima ya 6 koloko m'mawa, kufika 10 koloko. Maola atatu m'chipindamo, kapena awiri ngati mkuluyo ndi wosalankhula. Kubwerera 2 koloko, kufika 6 koloko. Mbali inayo analemba za nsanja monga anawauzira wa butchala: pamzere maola awiri, pamwamba mphindi makumi anayi. Mlatho ola limodzi. Nyumba yachifumu maola awiri, ambiri mwa iwo kutsatira munthu wonyamula kambendera. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenako anapempha akazi awo kuti aimbe nthawi ya nkhomaliro, pamene mwana amakhala atapuma.

Namwino anayankha ali m'kantini ya chipatala, atavala yunifomu, kumbuyo kwake kukumveka mbale.

“Bambo, ndili ndi mphindi khumi.”

“Zikwana. Uthenga ndauona. Koma ndikufunse kaye, mama. Pansanjapo iweyo wakwerapo kangati?”

Mwanayo anaseweretsa supuni. “Sindinakwerepo.”

“Zaka zisanu ndi chimodzi?”

“Ndimaiona tsiku lililonse ndili m'basi. Ndinkati ndidzakwera mukadzabwera.”

Mawuwo anawalasa. Akazi awo, atakhala pa kampando ka makasitomala, anawayang'ana ndi diso lija lakuti mwamva nokha. A Sikelo anatsala pang'ono kunena kuti basi, nsanja. Koma anayang'ananso pepala, n'kulankhula pang'onopang'ono.

“Sindikunamiza, funso langa ndikulifuna. Mkulu uja akamwalira, palibenso woti ndimufunse, ndipo ine ndege sindidzakweranso. Icho n'choyamba. Chachiwiri n'chakuti ndawerengera. Tikapita kunsanja, iwe uzingoloza, uko n'kwakuti, uko n'kwakuti, ine ndizingoti eya, eya, tsiku n'kutha. Masiku enawo uzibwera utatopa. Pa foni pano ukati ‘ndili bwino’ ndiye kuti nkhani yatha. Koma m'sitima muli maola asanu ndi atatu, mpando wako apa, wanga apa, kothawira kulibe. Undiuze mmene ukukhalira kumeneko. Amene amakuvutitsa ndani, amene amakuseketsa ndani, ukadwala amakuphikira ndani.”

Namwino anayang'ana kumbali, n'kupukuta mphuno ndi kapepala.

“Ndiye mwandiika pa sikelo,” anatero.

“Ayi, mama. Ndaika tsikulo.”

“Mmm. Maola asanu ndi atatu ndi inu, bambo? Mudzayamba za magalamu khumi tisanatuluke n'komwe pa siteshoni.”

“Adzayambira pa bwalo la ndege,” mayi ake anaponyamo.

Mwanayo anaseka, ulendo uno kuseka kwenikweni, mpaka mnzake wa pa tebulo lina anacheuka. “Chabwino. Koma malamulo ndi anga. Mpando wa pawindo ndi wanga. Za masikelo muyambe tikadutsa theka la njira. Ndipo nsanja ndiisunga, ndidzakwera ndi amayi.”

“Ine? Ndi mawondo anowa?”

“Kuli chikepe, amayi. Mumangoima, chimakunyamulani chokha.”

“Nanga ndegeyo ili ndi chikepe?”

“Tidzakambirana. Bambo, mkuluyo chinenero chathu sachidziwa, ndiye funso lanu mulilembe bwinobwino, ndidzalimasulire ndisanafike. Za kampeni ndi mtanda ine ndilibe mawu ake, ndiyenera kufufuza. Mujambulenso chithunzi chake papepala.”

“Ndijambula kawiri, chakutsogolo ndi chakumbali.”

“Mphindi zanga zatha.”

Foni itaduka, akazi awo anaimirira, nakonza mpango. Anati sakudziwa chimene adzawauze azimayi anzawo akadzafunsa zithunzi, kuti amuna awo anawoloka nyanja kukaona sikelo. Koma potuluka anaima pakhomo n'kunena kuti jekete lija la bulauni alipititsa kochapitsa, kumeneko akuti m'mawa kumazizira.

Wa butchala, amene anamva zonse kudzera pakhoma la malata, anasuzumiranso.

“Ndiye nsanja mwaitaya, akulu?”

“Ndaisungitsa.”

“Aaa, inu simudzasintha. Mukamufunsenso mkuluyo chifukwa chake sikelo yangayi imalira ndikaikapo mwendo wa ng'ombe.”

“Imeneyo sifunika ndege, achimwene. Ndi girisi. Bweretsani madzulo.”

A Sikelo anabwerera pa benchi, napeza sikuluu ya mayi wa misomali ili m'mbale ya sikelo ina, n'kuimanga. Anagwirizana ndi mwana wawo kuti Lachisanu iye adzagula matikiti awiri a sitima ya 6 koloko m'mawa. Iwo mawa adzadula kachitsulo katsopano ku sowo, adzakapala bwino, kenako adzalemba funso lawo ndi kujambula zithunzi ziwiri zija, kuti Lamlungu zikhale zitatumizidwa.