Garafawu ya ku Namacula

Loweruka loyamba la Juni mu 1957, belu la masana litangolira, ndinafika kunyumba kuchokera ku ofesi ndipo ndinapeza malume a mkazi wanga atakhala pakhonde, katundu atamangidwa kale. Anachokera ku Lione kudzatenga mbumba yawo. Sanakalipe. Anati mkazi wanga ndi ana akakhala kwawo mpaka iwo atamva kuti ndaleka vinyo, ndipo mvula yoyamba ikagwa asanamve, ukwati watha.

Nthawi imeneyo Lichinga inkatchedwa Vila Cabral. Ndinali mlembi ku ofesi ya boma la Apwitikizi, mmodzi wa akuda ochepa okhala ndi pepala la asimiladu, lotsimikiza kuti munthu watengera chikhalidwe cha Chipwitikizi. Vinyo ndinamuphunzira komweko. Azungu ankati munthu wotukuka amadyera patebulo ndi kumwa vinyo. Wotcheza kachasu ankamumanga, koma migolo ya vinyo inkatsitsidwa masanasana pa kantina iliyonse yogulitsa zakumwa.

Ndinayesa kuleka ndekha, ndinalephera. Wansembe anati ndizipemphera. Dokotala wachizungu anaseka, nati munthu wakuda ndi mowa salekana. Amene anandimvera anali nesi wamwamuna wa pachipatalapo. Ananditsatira panja n'kundinong'oneza kuti ku Namacula, kuseri kwa nyumba ya kalipentala, amuna osiya mowa amakumana Lamulungu masana kulimbikitsana.

Ndinapita. Ndili chapatali ndinawaona atakhala mozungulira, makapu ali m'manja, pakati pali garafawu, botolo lalikulu la vinyo lolukiridwa ngati dengu. Magazi anandiwira. Ndinati nesi uja wanditumiza kwa zidakwa kuti azindiseka. Ndinabwerera n'kukathera pa kantina.

Lolemba ndinakamunyoza pamaso pa odwala. Anandisiya ndimalize, kenaka anafunsa:

“Alembi, munanunkhiza?”

Lamulungu lotsatira ndinalowa pabwalopo. Kalipentala, mkulu waimvi wachiyao, anandilozera chitsa chokhalapo n'kunditsanulira kapu. Anali tiyi wozizira, wopanda shuga.

Anandifotokozera kuti poyamba ankakhala chabe, opanda botolo. Asipayo, apolisi akuda a boma, anawagwira n'kupita nawo ku ofesi yomwe ine ndinkagwirako ntchito. Mzungu anati akuda akakhala gulu osaledzera ndiye kuti akupangana zoipa. Anawamenya m'manja ndi mbalamatodya, kathabwa kokwapulira, ndipo kalipentala anatha masabata osagwira randa yake yopalira matabwa. Atachira anatola garafawu yotha kuseri kwa kantina. Kuyambira pamenepo palibe anawafunsanso.

N'kutheka kuti mlandu umenewo unadutsa patebulo langa.

Aliyense ananena za sabata yake. Wogulitsa usipa wa ku Meponda anati amadutsa pa kantina atatseka mphuno, ndipo anzake anamuseka kuti munthu wa dengu la usipa alibe chifukwa chotsekera mphuno. Wina anavomera kuti anamwa Lachisanu. Sanamudzudzule, anangopangana woti azimuperekeza akaweruka. Itafika nthawi yanga ndinatchula za ana, mawu n'kundithera. Anadikira. Palibe munthu anandidikirapo chotero.

Tili mkati, kalipentala anakhosomola. Pompo onse anasintha: wina kuyamba nyimbo, wina kugwera pa phewa la mnzake. Pampanda panaima sipayo. Ndinkamudziwa bwino. Kwawo kunali ku Lione, mudzi umodzi ndi malume aja.

“Senyoro mlembi, mwatsika mpaka kuno? Vinyo wa m'tauni wakucheperani?”

Wa usipa anandiponda phazi. Ndinakweza kapu, ndinaseka ngati chitsiru, ndinadzandira dala. Sipayo anachoka akupukusa mutu, akumwetulira.

Kapu ija ndinaiponya pansi. Linali tsiku loyamba kufika madzulo ndili wosamwa, ndipo lomwelo mbiri inali kupita ku Lione yoti mkamwini wafika pomwera m'makuseri. Boma lomwe linandiphunzitsa kumwa linali kundikakamiza kudzandira kuti ndisiye. Ndinanyamuka kuti ndimutsatire sipayo uja ndikamuuze zoona. Kalipentala anandigwira dzanja, natambasula lake patsogolo panga.

“Achimwene, mukamuuza, manja awa sagwiranso randa. Ndipo awa mukuwaonawa alibe kwina kopita.”

“Nanga ana anga?”

Ndinapempha kuti andibwereke garafawu ndikaonetse malume aja. Ena anati garafawu isachoke pabwalopo, chifukwa pakamwa pa munthu sipatsekeka. Wa usipa anati mkulu ngati malumewo, amene anayenda ulendo wonsewo osakalipa, sangakhale wapakamwa. Pomaliza kalipentala anatseka botolo lija ndi chitsononkho, tiyi wotsala ali momwemo.

“Akanunkhize okha malumewo, ndi mayi a ana. Awiriwo basi. Lamulungu ibwere, ndi inu mubwere.”

M'mawa mwake sindinapite ku ofesi. Kunali chisanu cholasa m'mafupa. Ndinamanga garafawu kumbuyo kwa njinga, poyera, n'kudutsa pakati pa tauni. Mwini kantina anali kutsegula chitseko. Ataona botolo anandikwezera dzanja mokondwa, ngati ndine mwana wake. Sindinamubwezere. Ndinakhota kulowa msewu wa ku Lione, ndikupalasa mwamphamvu kuti ndikafike mbiri ya sipayo isanafike.