Jipe Yosadziwa Kukhota

Ku Cuamba kuli makaniko wina kuseri kwa siteshoni. Anatiphera jipe, ndipo mpaka lero akuti anaichiritsa.

Jipeyo ndi ya Mmwenye amene ndimagwirako ntchito ku Mandimba. Ine ndimayendetsa, chifukwa sukulu ya uphunzitsi ndinaisiya pakati. Dzinja lililonse tikamakatenga nsomba ku Amaramba timatitimira. Gudumu limodzi limavina m'matope, linzake lili phee kuonerera. Abwana anati ndipite nayo akaimange diferensiyali, chimphika chachitsulo chogawira mphamvu kumagudumu, kuti akumbuyo azikoka onse pamodzi.

Ndinanena momveka: akumbuyo. Makaniko anati palibe vuto, aikanso chogwirira pafupi ndi giya. Ndikachikoka chizimanga, ndikachibweza chizimasula.

Nditabwera kudzaitenga, chogwirira chinalipodi, chopakidwa utoto wofiira. Koma potuluka pageti chiwongolero chinauma ngati ndikupotoza mtengo wa mbawa. Ndinafunsa. Anati amanga kutsogolo, chifukwa ng'ombe sizikankha ngolo, zimakoka. Anati kuumako ndi utsopano, pofika ku Mandimba ifewa. Ndinagwedeza mutu. Munthu wosamaliza sukulu angatsutse ng'ombe?

Sinafewe.

Lachitatu m'mawa kunabwera wa njinga kuchokera ku Ngauma. Amalume, alongo awo a amayi anga, amwalira m'bandakucha. Kwathu ndife Asilamu, maliro sagona. Abwana anatibwereka jipe, amayi anagula nsanda m'sitolo ya abwanawo, nsalu yoyera yokulungira mtembo. Anangoti akufuna akaone nkhope ya mlongo wawo asanamukulunge.

Padambo loyamba, ndinene chilungamo, sitinatitimire. Tinadutsa ngati mvuu. Ndinatsala pang'ono kumudalitsa makaniko.

Kenaka tinafika pamene msewu umakhotera kumudzi, potsetsereka. Ndinakhota. Jipe sinamve. Ndinakoka chogwirira chofiira chija kuti ndimasule, chinazuka n'kutsala m'manja mwanga. Pansi pake panalibe kanthu. Bawuti imodzi, basi. Kutsogolo kunalira chitsulo, tinakakhala m'munda wa chinangwa wa eni ake, mowongoka bwino.

Amayi anatsika. Anasenza nsanda pamutu, tinayamba wapansi.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amuna anali akubwera kuchokera kumanda, jeneza lonyamulira mtembo ali nalo paphewa lopanda munthu. Anati anadikira mpaka itatha swala, pemphero lamasana, kenaka anabwereka nsalu kwa Shehe. Amayi anakhala pakhonde, mtolo uli pamiyendo. Sanalire. Inenso ndinakhala, chogwirira chidakali m'manja. Sindikudziwa chifukwa chimene ndinachitengera.

Sabata yotsatira ndinakamuikira makaniko chogwiriracho patebulo. Anavomera kuti magiya am'kati anangowawotcherera pamodzi, ndipo chowotcherera sichimasuka. Nanga chogwirira chinali cha chiyani? Anati oyendetsa amakonda kukhala ndi chogwira. Anapepesa maliro. Kenaka anafunsa mwaulemu: "Koma bambo, padambo paja munatitimira?"

Ndinati ayi.

Anzanga oyendetsa, ngati kwanu msewu unalembedwa ndi rula, pitani kwa bamboyu, ndi katswiri. Ena tonse mumufunse kaye kuti chogwirira chake chathera pati.

Nsanda ija amayi anaipinda, ili m'bokosi mwawo. Akuti sinawonongeke, ntchito idzaipeza. Anangondipempha chinthu chimodzi: "Tsiku langa likadzafika, mwanangu, udzabwere nayo wapansi."