Lamba wa nsapato ya Zainabu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza patchuthi, nditamaliza Fomu 3. A Mbewe, aphunzitsi athu a nyimbo, ankakonza sewero loimba loti likaonetsedwe paloji ina ku Senga Bay. Anati linapekedwa ndi Afalansa kalekale potengera nthano za Aarabu, ndipo iwo analiika m'Chichewa. Limakamba za wosoka nsapato wosauka amene anapita kudziko lina n'kukanama kuti ndi wamalonda wolemera, mpaka anakwatira mwana wa mfumu.

Ine anandilemba kuti ndizisamala zovala: kusita mikanjo ndi simbi ya makala, kukulunga nduwira ndi kupachika chovala chilichonse pansi pa dzina la mwini wake.

Anzanga ankaseka bodza la wosoka nsapatoyo, koma ine silinkandiseketsa. Abambo anga amasoka nsapato pansi pa mtengo pamsika wa Salima, ndipo kusukulu ndinkanena kuti amagwira ntchito kuboma. Tsiku loyamba la ntchitoyi abambo anandipatsa singano yawo ya ngowe ndi ulusi wa nayiloni. "Posamala zovala usaiwale kumapazi," anatero. Ndinazibisa pansi penipeni pa chikwama.

Tsiku la sewero, masana, alendo atakhala kale, Zainabu wa m'kalasi mwathu, yemwe ankasewera mwana wa mfumu, anabwera akutsimphina. Lamba wa nsapato yake anali atazuka.

"Simenti yatenthayi ndivinepo bwanji? Ndipse?" anafunsa.

A Mbewe anatiyang'ana tonse. "Guluu sauma msanga. Palibe wodziwa kusoka?"

Ine ndinatsegula chikwama. Ndinabwezera lamba m'malo mwake, ndinaboola ndi singano, n'kukoka ulusi ndi ngowe, kanayi konse. Nditamanga mfundo, ndinawotcha nsonga ndi machesi kuti isamasuke.

"Iwe, zimenezi unaphunzira kuti?" anafunsa Zainabu.

"Kwa abambo. Amasoka pamsika."

"Si paja umati ndi a kuboma?"

"Ndinkanama."

Anavala nsapato ija, n'kuponda pansi kawiri mwamphamvu. "Ndiye ukawauze kuti ndibweretsa zanga za kusukulu. Zayasama ngati kampango."

Anavina nyimbo zonse, lamba sanasunthe. Ndikuonerera kuseri kwa katani, ndinaganiza kuti munthu wa m'sewero uja bodza linamuyendera chifukwa inali nthano chabe. Ine chimene chinandithandiza ndi chomwe ndinkabisa.

Mawa lake ndinakabweza singano pamsika. Sindinaisiye n'kuthawa monga ndinkachitira kale. Ndinakhala pabenchi pawo, poyera, n'kuwathandiza kudula ulusi.