Sun-rye ndi Mlatho wa ku Dolgae

Pyo Sun-rye anabadwira ku Dolgae, mudzi wa nyumba zoposa makumi asanu ndi limodzi, wokhala kutsidya kwa mtsinje, mapiri atautchinga kumbuyo. Anthu ake ankalima tsabola ndi kabichi, ndipo njira yotulukira inali imodzi yokha: kamlatho ka simenti, kotsika, kopanda zitsulo m'mbali, kamene kanamangidwa mothamanga iye asanabadwe. Mvula ya mu Julayi ikalimbikira masiku awiri, madzi ankadutsa pamwamba pake, mudzi n'kutsekeka. Ana ankajomba kusukulu, tsabola ankawolera m'matumba, wodwala ankangodikira kuti madzi aphwere. Nthawi yachisanu kamlathoko kankaterera ndi madzi oundana, ndipo basi inkaima kutsidya, dalaivala akuliza hutala kuti ofuna kukwera awoloke okha wapansi.

Sun-rye anali mwana wanzeru koma wosayankhulayankhula. Pakamwa pa banja lonse anali mchimwene wake Man-sik, wamfupi, wamapewa aakulu, woti akayankhula kumunda anthu ankamumva ali kunyumba. Bambo awo atamwalira, Man-sik anatsala pamunda ndi amayi, n'kumuuza mlongo wakeyo kuti, "Iwe pita kutauni. Manja akowo si a khasu, ungotiwonongera mbewu." Sun-rye anapita, nakaphunzira kulemba mwachidule ndi tizizindikiro, kuti dzanja lizithamanga limodzi ndi pakamwa pa woyankhula. M'chaka cha 1991, nyumba za malamulo za m'zigawo zitatsegulidwanso patapita zaka makumi atatu, analembedwa ntchito yolemba zokambirana za aphungu a m'chigawo chawo.

Malo ake anali katebulo kutsogolo, m'munsi mwa mpando wa sipikala, moyang'anizana ndi aphungu onse. Tsiku loyamba mkulu wa alembi, mayi Ok, anamuuza lamulo la ntchitoyo.

"Muno iwe ndiwe khutu ndi dzanja, basi. Akaseka usaseke. Akanama usakweze nsidze. Wina akatukwana lemba, pokhapokha a sipikala atanena kuti zichotsedwe."

Nkhani ya mlatho wa ku Dolgae anaimva koyamba m'chaka chake chachiwiri. Phungu wa dera lawo, a Bang Chun-gil, mwini sitolo ya feteleza, anaimirira n'kufunsa mkulu wa za misewu kuti anthu a ku Dolgae adzakhala akuwoloka ngati achule mpaka liti. Sun-rye atamva dzina la mudzi wake likutchulidwa m'nyumba yaikulu ngati imeneyo, analakwitsa chizindikiro. Mkulu wa za misewu anadzuka, anawerama, n'kuyankha kuti, "Olemekezeka, nkhaniyi taimva, ndipo tiiwunika mozama."

Ataweruka, Sun-rye anathamangira pafoni.

"Achimwene, lero atchula mudzi wathu! Akuti awunika mozama."

Man-sik anafuula mpaka khutu la mlongo wake linalira. Loweruka lake anapha nkhumba, mudzi wonse unamwa mowa wa mpunga, ndipo akulu ena anayamba kukangana ngati mlatho watsopanowo ukhale kumtunda kwa wakale kapena kumunsi kwake. Awiri anatsala pang'ono kumenyana.

Chaka chinatha, chinanso chinatha. Akuluakulu a za misewu ankasinthana, wina wadazi, wina wamagalasi, wina woyankhula ngati ali m'tulo, koma yankho linali lomwelo, osasintha ndi liwu limodzi lomwe. Sun-rye anafika polipangira chizindikiro chakechake, kamzere kamodzi kopindika kumapeto, moti mkuluyo akangoti "nkhaniyi taimva," iye ankakhala atamaliza kale kulemba, akungodikira.

Sikuti aphunguwo ankangokhala duu. Ankakangana kwabasi. Tsiku lina anatha maola atatu akulimbana za mtundu wa mipando ya m'bwalo latsopano la mpira. Tsiku linanso phungu wina anadandaula kuti msewu wopita ku bwalo la gofu wakonzedwa kawiri chaka chimodzi, wa chipani china n'kumudula mawu.

"Inu khalani pansi! Si inu munali patsogolo podula riboni?"

"Ndinachita kuitanidwa ine!"

"Nkhuku zija zinakuitananinso? Munadya ziwiri, tinakuonani!"

Nyumba yonse inafa ndi phwete, sipikala akumenya kanyundo kake, ndipo nthawi ya mafunso a misewu ya kumidzi inathera pomwepo. Sun-rye analemba zonse, ndi nkhuku ziwirizo zomwe.

A Bang anagwa pachisankho, panalowa wina, winayonso anadzagwa. Aliyense asanavoteredwe ankapita ku Dolgae kukajambulitsa ataima pa kamlathoko, atavala jombo zatsopano. M'zaka zimenezo Sun-rye anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wofatsa, anabereka mwana wamkazi mmodzi, ndipo akapita kumudzi pa chikondwerero cha zokolola, azimayi okalamba ankamugwira mkono n'kumunong'oneza kuti, "Iwe umakhala nawo pafupi, bwanji osawauza?" Iye ankangomwetulira. Sankadziwa kuti awafotokozere bwanji kuti pa anthu onse a m'nyumba imeneyo, iye yekha ndiye sankaloledwa kutsegula pakamwa.

Mu Julayi wa 2004 mvula inagwa masiku anayi osakata. M'mawa wa tsiku lachinayi amayi a Sun-rye anagwa pakhomo la khitchini, pakamwa patapotoka, mkono umodzi utafa. Man-sik anaimbira ambulansi, ndipo inabwera msanga ndithu, koma inaima kutsidya, nyali zake zikuthwanima, madzi ofiira akukokolola mitengo pamwamba pa kamlatho. A helikopita anati sangauluke ndi mphepo yotereyo. Man-sik anabereka amayi ake kumsana, anawamanga ndi nsalu, n'kukwera phiri kudzera kanjira ka otola bowa. Anayenda maola anayi m'matope. Pofika pamsewu wa mbali inayo, amayi anali atasiya kale kubuula. Iye ankadziwa, koma sanawatsitse, mpaka anthu a ambulansi anachita kumumasula nsaluyo.

Patapita miyezi iwiri anthu a ku Dolgae anachita hayala basi n'kubwera ku nyumba ya malamulo. Anakhala m'mwamba, pa mipando ya alendo, zipewa zili m'manja. Sun-rye anawaona polowa, ndipo anaona mchimwene wake atavala jekete lomwe anavala pamaliro. Anaweramitsa mutu n'kukhala pamalo pake. Tsikulo aphungu anayamba ndi lamulo la malo oimika magalimoto m'tauni, kenako ulendo wawo wokaona madoko a kunja. Funso la mlatho linabwera pomalizira, anthu akuyang'ana kale mawotchi. Mkulu wa za misewu anadzuka, anawerama, n'kunena mawu aja.

Man-sik anaimirira.

"Mozama! Mozama chiyani? Zaka khumi ndi ziwiri mukuwunika, maso anuwo ndi otani? Amayi anga anafera pamsana panga pano! Bwerani mudzagwire, pakadali pozizira!"

Sipikala anamenya kanyundo. "Alonda, atulutseni bambowo. Mlendo alibe chilolezo choyankhula m'nyumba ino. Alembi, zimenezo zisalowe m'buku."

Dzanja la Sun-rye linali litalemba kale zonse, pakuti linazolowera kuthamanga mwini wake asanaganize. Masana ake, akukonza zokambiranazo kuti zikasindikizidwe, anakhala nthawi yaitali akuyang'ana tizizindikiro ta mawu a mchimwene wake. Mayi Ok anabwera n'kuima kumbuyo kwake. Pamapeto pake Sun-rye analemba mzere umodzi umene malamulo amalola, wakuti: Phokoso ku mipando ya alendo.

Potuluka anapeza Man-sik atakhala pamasitepe, kolala ya jekete itang'ambika.

"Walemba?" anafunsa Man-sik.

"Achimwene, tiyeni mukadye kaye."

"Ndakufunsa, iwe. Walemba zomwe ndanena zija?"

"Sizololedwa, achimwene."

"Ndiye walemba chiyani?"

Sun-rye anamuuza.

"Phokoso," anatero Man-sik motsitsa mawu, zomwe anali asanachitepo chibadwire. "Amayi ako asanduka phokoso." Anadzuka n'kukakwera basi. Kwa zaka ziwiri sanayankhe foni ya mlongo wake, ndipo pa tsiku lokumbukira amayi awo ankathira mowa pamanda, kugwada, n'kuchoka osamuyang'ana.

Sun-rye anali asanaphwanyepo lamulo m'moyo wake. Koma kuyambira pamenepo, nthawi ya nkhomaliro anzake akapita kokadya, iye ankatsikira kuchipinda chapansi kosungira mabuku akale, n'kumafufuza paliponse pomwe dzina la Dolgae linatchulidwa. Anapeza malo makumi awiri ndi asanu ndi awiri, ambiri olembedwa ndi iye yemwe. Anakopera masamba onsewo. Zokambirana za aphungu si chinsinsi, aliyense angathe kuziwerenga, koma mlembi saloledwa kutenga mbali. Anayenda nawo m'chikwama miyezi yambiri, akusowa womupatsa. Potsiriza anasankha a Seonu Hye-gyeong, phungu watsopano wa dera lina, mayi yemwe kale anali namwino ndipo anali asanaphunzire kuopa. Anawapeza pampopi wosambira m'manja.

"Olemekezeka, pepani, muwerengeko izi. Koma musanene kuti ndakupatsani ndine."

Sabata yotsatira a Seonu anaimirira n'kuyamba kuwerenga, tsiku ndi tsiku lake, funso ndi yankho lake. Pofika kachisanu anthu anayamba kuseka. Pofika kakhumi ndi kasanu aphungu ena ankayankhira nawo limodzi ngati olandira nyimbo: "Tiiwunika mozama!" Koma atafika pa tsamba la chaka cha mvula ija n'kutchula kuti mayi wina anafera m'phiri, kuseka kunathera pomwepo. Nyuzipepala zinalemba. Bwanamkubwa wa chigawo analamula kuti pachitike kafukufuku. Ndipo tsiku lina foni ya Sun-rye inalira.

"Iwe, ndamva," anatero Man-sik. "Tsabola wa chaka chino wabereka. Ndikutumizira thumba."

Sananene zambiri, koma Sun-rye analira ali chiimire m'khitchini mwake.

Ofufuzawo anabwera mu Novembala, zokolola zitatha kale, misewu ili phee. Anali amuna awiri. Anaimika galimoto pafupi ndi kamlathoko, n'kukhala m'katimo masiku atatu akuwerenga zodutsa. Anapeza magalimoto khumi ndi asanu ndi anayi patsiku, kuphatikiza njinga yamoto ya wa positi, popita ndi pobwera. Lipoti lawo linatenga chaka kuti lifike kwa aphungu, ndipo ulendo uno mkulu wa za misewu anabwera ndi yankho latsopano.

"Olemekezeka, tawunika. Ku Dolgae kwatsala nyumba makumi awiri ndi ziwiri. Sukulu inatsekedwa. Munthu wamng'ono kwambiri m'mudzimo ali ndi zaka makumi asanu. Malinga ndi malamulo, chigawo sichingamange mlatho pamalo podutsa magalimoto ochepa chonchi."

Wa zaka makumi asanuyo anali Man-sik.

A Seonu analumpha pampando. "Anthuwo anathawa chifukwa kulibe mlatho! Ndiye lero mukutiuza kuti kulibe mlatho chifukwa anthu anathawa?"

"Olemekezeka, ine ndangowerenga zomwe zalembedwa."

"Nthawi yanu yatha, a Seonu," anatero sipikala.

Anavota, ndipo mlatho wa ku Dolgae unachotsedwa pamndandanda wa ntchito za chigawo. Sun-rye analemba zimenezonso, osalakwitsa chizindikiro ndi chimodzi chomwe. Kenako nyumba inapitiriza ndi nkhani ya nyimbo yokopa alendo.

Sizinatenge nthawi kuti zidziwike kuti masamba aja anachokera kuti. Wina anali atamuona akutsikatsika kuchipinda chapansi. Sanamuchotse ntchito, anangomutumiza komweko kuti azikajambula mabuku akale kulowetsa mu kompyuta, ndipo anakhalako zaka zitatu, m'chipinda chopanda zenera. Anamubweza chifukwa panalibe mlembi wina wa liwiro ngati lake. Pobwerera anapeza a Seonu atagwa pachisankho, atabwerera ku unamwino. Dzina la Dolgae sanalimvenso m'nyumbamo.

Basi inasiya kupita kumudziko mu 2015. Man-sik anakanitsitsa kusamuka, ankati akachoka iye okalamba otsalawo aziwatengera ndani kuchipatala. Anawatengera mmodzimmodzi pa kalole kake, ena anabwerera, ambiri ayi. Mu 2021 matenda a amayi ake aja anamugwira nayenso ali m'munda. Mwayi wake inali nthawi yopanda mvula, ambulansi inawoloka. Anapulumuka, koma mwendo ndi mkono wakumanja zinafa, ndipo mawu aakulu aja anatsala tinthu totuluka movutikira. Sun-rye, yemwe mwamuna wake anali atamwalira, anapuma pantchito nthawi isanakwane n'kumutengera kunyumba kwake, pa nsanjika yakhumi ndi chimodzi.

Chaka chotsatira madzi anagumula theka la kamlathoko. Chigawo chinatumiza anthu kukakhoma chikwangwani choletsa kudutsa, ndipo okalamba asanu otsala anasamutsidwira kutauni, kwa ana awo ndi ku nyumba zosungira okalamba. Manda okha ndiwo anatsala kutsidya.

Tsopano madzi akaphwera, Sun-rye amapita yekha. Amasiya galimoto pachikwangwani, amavula nsapato n'kuwoloka wapansi, chikwakwa chili m'manja. Amamweta udzu pamanda a makolo ake, amathira mowa, kenako amajambula zithunzi pafoni zokamuonetsa mchimwene wake. Ulendo wathawu Man-sik anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mwachibwibwi za denga la nyumba yawo. Sun-rye anamuuza kuti mbali ya kukhitchini yagwa, ndipo m'munda mwa tsabola mwamera mitengo yomufika iye m'mapewa. Man-sik anagwedeza mutu, anabweza foniyo, n'kupempha kuti amuthandize kukagona.