Chopondera Chimene Chinagwetsa Amayi

Bambo anga sakonda mkangano. Akalambira pa chiwongolero cha galimoto ya pafamu, chigalimoto chachitali chosaopa matope, ndipo ukawanena amangoseka. Koma tsiku limene amayi anagwa sanaseke.

Tinali kumsika, tikukwera kuti tizibwerera. Amayi atangoponda chopondera cha kumbuyo, chinathyoka, iwo khu! pansi, tomato mbwee. Sanavulale, koma bambo aang'ono, pakamwa pawo posatseka paja, anakuwa kuti, "Alamu, mwatithyolera galimoto! Muzichepetsako kudyaku." Antchito a pafamu amene tinali nawo anafa nacho chiseko.

Kuyambira tsikulo amayi anakaniratu kukwera galimotoyo. Kumsika ankapita wapansi mpaka miyendo kutupa, chakudya n'kumangotsina ngati mlendo. Zinkandiwawa kwabasi.

Bambo anatenga sipanala, n'kugona chagada kunsi kwa galimoto, n'kumasula chotsalira cha chopondera chija. Kunja penti waliwali, m'kati dzimbiri lokhalokha. Chinali cha galimoto ina, mabowo ake osagwirizana ndi a galimotoyi, ndipo amene anachiika anangochikakamiza ndi bawuti imodzi. Pampata umene unatsala ndi pamene matope ankakhala mvula iliyonse, chitsulo n'kumaola.

M'mawa antchito atasonkhana, bambo anapatsa mng'ono wawo chidutswa cha chopondera chija.

"Tafinya ichi."

Chinanyenyeka m'manja ngati bisiketi.

"Ngakhale nkhuku ikanachithyola," anatero bambo. "Mkazi wanga analakwa chiyani?"

Tsiku limenelo ndi bambo aang'ono amene ananyamula zitsulo kupita nazo kwa wowotcherera, ndipo sanadandaule.

Chopondera chatsopano bambo anachiyeza okha, n'kuboola mabowo pamalo pake, n'kumanga mabawuti onse. Kenako anakweza mng'ono wawo ndi anzake awiri kuti adumphepo. Sichinagwedere n'komwe.

Amayi ankaonerera ali pakhomo, manja atapinda.

"Amayi ake mwana, tabwerani," anatero bambo.

Anabwera pang'onopang'ono, n'kupondapo phazi limodzi, kenako onse awiri. Sanafulumire kulowa. Anaima pomwepo, mutu uli m'mwamba, n'kuyang'ana mmodzimmodzi onse amene anaseka aja mpaka aliyense anazolika.

"Nanga mukudikira chiyani?" anatero amayi. "Lizani galimoto, anthu tili ndi zochita."

Bambo anathamangira ku chiwongolero ngati mnyamata.